Kuphunzitsa ana masamu kudzera m'zaluso: zimene zojambula za sona ndi maluko a lichero zimaonetsa

Maganizo akuti ana aziphunzira masamu kudzera m'ntchito zaluso, monga kujambula, kuluka, kutunga mikanda ndi kupinda mapepala, amasangalatsa makolo ndi aphunzitsi ambiri, makamaka chifukwa masamu ndi phunziro limene ana ochuluka amayamba kuliopa akadali m'makalasi oyambirira. Komabe si ntchito yaluso iliyonse imene imaphunzitsa masamu. Mwana amene wapatsidwa chithunzi cha nkhuku kuti apake utoto wofiira paliponse pamene yankho ndi 5, ndi wachikasu paliponse pamene yankho ndi 8, akuchita zinthu ziwiri zosiyana zimene zangokumana pa pepala limodzi. Utotowo sukumuthandiza kumvetsa chifukwa chake 3 kuphatikiza 2 ndi 5, ndipo mutaichotsa nkhukuyo, masamu ake angakhale omwewo. Ntchito yaluso imaphunzitsa masamu pamene masamuwo ali m'kati mwa ntchitoyo, moti chinthu chimene mwana akupanga chimakana kutuluka bwino akaphwanya lamulo lina la manambala kapena la maonekedwe. Zikatero, funso la masamu limachokera m'manja mwa mwana yemweyo, ndipo amafuna yankho chifukwa akufuna kuti chimene akupangacho chikongole.

Njirayi si yatsopano. Friedrich Froebel, amene anatsegula sukulu yake ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg m'dziko la Germany m'chaka cha 1837, n'kuitcha Kindergarten mu 1840, ankapatsa ana timatabwa todulidwa m'magawo ofanana, dothi loumbira, mapepala opinda ndi timapepala tolukira, ndi cholinga choti aone theka, kota ndi maonekedwe a zinthu asanauzidwe mayina ake. Koma chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kwambiri mmene luso ndi masamu zimakhalira chinthu chimodzi chili kuno ku Africa konkuno, pakati pa Achokwe a kumpoto chakum'mawa kwa Angola ndi abale awo monga Aluchazi ndi Angangela, amene ena mwa iwo amakhala kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi kumwera kwa Democratic Republic of Congo.

Anthu amenewa ali ndi mwambo wojambula pa mchenga umene umatchedwa sona, ndipo chojambula chimodzi chimatchedwa lusona. Amuna akasonkhana pabwalo kuti acheze, katswiri amasalaza mchenga ndi dzanja, kenako amadinda timadontho ndi nsonga za zala ziwiri, akumasuntha dzanjalo mosamala kuti mipata ya pakati pa timadonthoto ikhale yofanana. Akatero amayamba kukoka mzere wozungulira timadontho tonse uku akusimba nthano, mwambi kapena chilapi, ndipo zojambula zambiri zimamalizidwa ndi mzere umodzi wokha, chala chosadzuka pa mchenga, mpaka chitabwerera pamene chinayambira. Kudodoma kapena kufufuta pakati pa ntchito kunkaonetsa kuti munthu sanakhwime pa lusoli. Anyamata ankaphunzira zojambula zosavuta ali ku chinamwali cha mukanda, pamene zovuta zinkasungidwa ndi akatswiri otchedwa akwa kuta sona, amene ankazisiyira ana awo aamuna. Mwambowu unazilala kwambiri m'nthawi ya atsamunda, koma zojambula zambiri zinalembedwa zisanaiwalike. Mário Fontinha anasindikiza zojambula 287 za Achokwe m'chaka cha 1983, ndipo Gerhard Kubik, yemwe ena kuno ku Malawi amamudziwa chifukwa cha ntchito imene ankagwira ndi oimba a banja la Kachamba ku Chileka, anafufuza za zojambula za Aluchazi m'boma la Kabompo ku Zambia m'zaka za m'ma 1970. Amene anaunika masamu ake mozama ndi Paulus Gerdes, yemwe anabadwira ku Netherlands mu 1952, anafika ku Mozambique mu 1976, ndipo anaphunzitsa masamu ndi kusula aphunzitsi kumeneko mpaka imfa yake mu 2014. Mu Disembala 2023 bungwe la UNESCO linaika sona pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a padziko lonse.

Mtundu wosavuta wa zojambulazi, umene ana a Sitandade 4 angathe kuuchita pabwalo la sukulu ndi kamtengo, umayamba ndi timadontho toikidwa m'mindandanda yofanana. Tiyerekeze kuti mwana wadinda mindandanda 3, uliwonse wa timadontho 4. Malamulo ake ndi ochepa. Mzere umayamba pamwamba pa kadontho koyamba, n'kuyenda mopendekera kudutsa m'mipata ya pakati pa timadontho popanda kukhudza kadontho kalikonse. Mzerewo suloledwa kukhota uli m'kati, umakhota ukafika m'mphepete mokha, pamene umazungulira kadontho komaliza n'kubwerera m'kati, ukuyendabe mopendekera. Ungathe kudumpha mzere umene wajambulidwa kale, koma sungayende pamwamba pake. Mwana akatsatira zimenezi pa mindandanda 3 ya timadontho 4, amadabwa kuona kuti chala chake chabwerera pamene chinayambira chitazungulira timadontho tonse 12, ndipo kadontho kalikonse kakhala m'kachipinda kakekake. Ndiyeno mphunzitsi amuuze kuti ayese mindandanda 2 ya timadontho 4. Pano mzere umabwerera msanga poyambira pake, timadontho tina tisanazunguliridwe mbali zonse, ndipo mwanayo ayenera kudzutsa chala ndi kuyamba mzere wachiwiri kuti amalize. Ana ambiri amaganiza kuti alakwitsa, amasalaza mchenga n'kuyambiranso, koma zimatulukanso chimodzimodzi. Apa ndi pamene masamu amayambira, chifukwa mwana wakumana ndi chinthu chimene sichikudalira kusamala kwa dzanja lake.

Ntchito ya mphunzitsi pa nthawi imeneyi ndi kugawira magulu mindandanda yosiyanasiyana ndi kulemba pabolodi zimene gulu lililonse lapeza, osafulumira kunena lamulo. Zotsatira zake zimakhala zotere: 2 ndi 3 zimafuna mzere umodzi, 3 ndi 5 mzere umodzi, 2 ndi 4 mizere iwiri, 3 ndi 3 mizere itatu, 3 ndi 6 mizere itatu, 5 ndi 5 mizere isanu. Ana akayang'ana manambalawa amayamba kupereka maganizo awo. Wina anganene kuti yankho ndi nambala yaing'ono pa ziwirizo, ndipo zimenezi zikugwirizanadi ndi 2 ndi 4 komanso 3 ndi 6, koma zikukanika pa 3 ndi 5. Wina anganene kuti nambala zonse ziwiri zikakhala zogawika ndi 2 pamafunika mizere iwiri, ndipo akajambula 4 ndi 6 amapezadi mizere iwiri, koma akayesa 4 ndi 8 amapeza inayi. Chojambula chimene nthawi zambiri chimatsegula maso ndi cha 6 ndi 9, chimene chimafuna mizere itatu, pakuti 3 si nambala yaing'ono pa ziwirizo, komanso siionekera poyera mpaka mwana atafunsa kuti kodi 6 ndi 9 zikufanana chiyani. Zonse ziwiri zimagawika ndi 3 popanda chotsala, ndipo palibe nambala yoposa 3 imene ingazigawe zonse. Lamulo ndi lomwelo: chiwerengero cha mizere yofunika chimafanana ndi nambala yaikulu kwambiri imene imagawa nambala zonse ziwiri, imene m'mabuku a sukulu imalembedwa kuti HCF. Nambala ziwiri zikakhala zopanda chozigawa china kupatula 1, chojambulacho chimatheka ndi mzere umodzi, ndipo n'chifukwa chake miyeso yotere imapezeka kawirikawiri m'zojambula za akatswiri a sona, amene ankaona mzere umodzi wosaduka ngati chizindikiro cha ukatswiri.

Kwa ana okulirapo, a Sitandade 7 kapena 8, n'zotheka kupitirira pa kungoona lamulo n'kufika pomvetsa chimene chimalichititsa, ndipo gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa masamu ndi kungoloweza. Chojambula chikatha, kadontho kalikonse kamakhala katazunguliridwa ndi timizere 4 tifupitifupi, choncho mindandanda 4 ya timadontho 6, yomwe ndi timadontho 24, ili ndi timizere 96. Tsopano titsatire chala. Kuti chichoke kumanzere kufika kumanja chimayenda timizere 2 pa kadontho kalikonse, ndiye kuti 12, ndipo pobwerera chimayenda 12 tina, zonse pamodzi 24. Pa nthawi yomweyo chalacho chikutsika ndi kukwera, ndipo kutsika mindandanda 4 kumatenga timizere 8, kukwera 8, zonse pamodzi 16. Chala chingafike pamene chinayambira, chikuyang'ana komwe chinayang'ana poyamba, pokhapokha maulendo awiriwa atathera pamodzi, ndipo nambala yoyamba imene imagawika ndi 24 komanso ndi 16 ndi 48. Motero mzere umodzi uli ndi timizere 48, ndipo popeza tonse tilipo 96, pafunika mizere iwiri. Pa mindandanda 3 ya timadontho 4, ulendo wopingasa ndi 16, wotsika ndi kukwera ndi 12, ndipo iwiriyi imakumananso pa 48, koma timizere tonse tilipo 48 basi, ndiye mzere umodzi ukukwanira. Mwana amene watsatira mfundo imeneyi waona ndi maso ake mgwirizano wa HCF ndi LCM (nambala yaing'ono kwambiri imene imagawika ndi nambala zonse ziwiri), zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimaphunzitsidwa ngati njira zosiyana zongoloweza mayeso akayandikira.

Gerdes anaona kuti zojambula za mtundu umenewu zikufanana ndi mkeka wolukidwa mopendekera, pamene kachingwe kamafika m'mphepete n'kupindidwa kubwerera m'kati, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imafika pakhomo pathu, chifukwa kuluka kuli m'mudzi uliwonse. Amene angayang'anitsitse pansi pa lichero adzaona kuti nthawi zambiri kansungwi sikadutsa pamwamba pa kamodzi ndi pansi pa kamodzi, koma kamadutsa pamwamba pa tinzake tiwiri kapena titatu, kenako pansi pa tiwiri kapena titatu, ndipo kansungwi kotsatira kamayambira patsogolo pang'ono. Kusuntha kumeneko ndi kumene kumabala mizere yopendekera imene imakongoletsa lichero. Ana angathe kuchita zomwezo ndi timapepala tamitundu iwiri todulidwa ku makatoni kapena ku makalendala akale. Akaluka pamwamba pa kamodzi ndi pansi pa kamodzi, mzere wachitatu umafanana ndi woyamba, ndipo mwana amaona kuti mizere ya nambala 1, 3, 5 ndi 7 ili m'gulu limodzi pamene ya 2, 4, 6 ndi 8 ili m'gulu lina, komwe ndi kusiyana kwa nambala zogawika ndi 2 ndi zosagawika ndi 2. Akaluka pamwamba pa tiwiri ndi pansi pa tiwiri, akumasuntha kamodzi pa mzere uliwonse, patani imabwereza pakatha mizere 4, moti mzere wa 5 umafanana ndi woyamba. Akaluka titatutitatu, imabwereza pakatha mizere 6. Funso labwino pamenepa ndi lakuti, kodi mzere wa 19 udzaoneka bwanji pa maluko a tiwiritiwiri, ndipo mwana ayankhe asanaluke kufika pamenepo. Amene wazindikira kuti mu 19 muli magulu 4 a mizere 4 n'kutsala 3, adzanena kuti udzafanana ndi mzere wachitatu, ndipo watulukira yekha ntchito ya chotsala pogawa, chimene ana ambiri amachiona ngati nambala yongosowa kopita.

Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2, mfundo yomweyo imaoneka mosavuta potunga mikanda, ndipo mikanda ikasowa, njere za chimanga ndi nyemba zonyika m'madzi kapena zotsekera mabotolo zimagwira ntchito. Mwana atunge chibangili motsatira dongosolo la iwiri yofiira ndi itatu yoyera, gulu lililonse kukhala mikanda 5. Akatunga mikanda 40 n'kumanga, dongosololo limazungulira popanda chilema, ndipo munthu sangadziwe pamene linayambira. Akatunga 42, pomangira pamakumana mikanda yofiira inayi, ndipo mwana aliyense, ngakhale amene sanayambe kuchulukitsa, amaona kuti pamenepo paipa. Akafunsidwa kuti achite chiyani, ena amachotsa iwiri, ena amawonjezera itatu, ndipo onse afika pa nambala yogawika ndi 5. Vuto lomweli ndi limene amakumana nalo oluka timatumba totchedwa sipatsi m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, timene Gerdes anatifufuzanso. Popeza patani iyenera kuzungulira kathumba konse ndi kukumana bwino, wolukayo amayenera kuwerengeratu kuti chiwerengero cha timizere take chikhale chogawika ndi utali wa patani imene wasankha, ndipo kuwerengerako kumachitika asanayambe kuluka.

Kupinda pepala kumathandiza kwambiri pa mafulakishoni, pamene ana ambiri amasokonezeka. Mwana amene wazolowera kuti 8 ndi wamkulu kuposa 4 amaganiza kuti 1/8 ndi wamkulu kuposa 1/4, ndipo kumuuza kuti walakwa sikuchotsa maganizowo. Akapinda pepala kamodzi amapeza magawo 2, akapindanso amapeza 4, kachitatu 8, ndipo m'manja mwake gawo lililonse likucheperachepera pamene chiwerengero cha magawo chikukula. Akapaka utoto magawo 2 mwa 8 n'kuyerekeza ndi mnzake amene wapaka gawo limodzi mwa 4, amaona kuti malo opakidwa ndi ofanana, ndipo 2/8 ndi 1/4 zasanduka chinthu chimodzi popanda lamulo lililonse loloweza. Pepala lomwelo likapindidwa pakati n'kudulidwa m'mphepete, potambasula limatulutsa chithunzi chimene mbali zake ziwiri zikufanana ngati pagalasi, ndipo mwana angafunsidwe kuti adule bwanji kuti patuluke gulugufe kapena tsamba, zimene zimamukakamiza kuona theka la chinthu m'maganizo asanagwire sizasi.

Kufanana kwa mbali kotereku ndi khomo la nkhani yaikulu imene ana angailawe pang'ono chabe. Akatswiri a masamu anatsimikiza kuti patani yoyenda mumzere, monga ya m'mphepete mwa chitenje kapena yozokotedwa pakhosi pa mtsuko, ili ndi njira 7 zokha zobwerezera, potengera kusuntha, kutembenuza ndi kuzungulira, ndipo patani yodzaza malo onse, monga ya pakati pa nsalu, ili ndi njira 17 zokha, zimene Evgraf Fedorov wa ku Russia anazisonyeza mu 1891. Ana sayenera kuloweza magulu amenewa, koma angabweretse zidutswa za zitenje zochokera kwa telala n'kuzisanja malinga ndi mmene patani ikubwerezera, ndipo mkangano wawo wa kumene kachidutswa kena kayenera kupita ndi wopindulitsa kuposa yankho la mphunzitsi. Chimodzimodzinso ndi kuyala timatailosi ta pepala. Ana akadula zidutswa za mbali zofanana ndi ngodya zofanana n'kuyesa kuzilumikiza popanda mpata, amapeza kuti za makona atatu, makona anayi ndi makona asanu ndi limodzi zimatheka, koma za makona asanu zimakana. Chifukwa chake n'chakuti ngodya zokumana pamalo amodzi ziyenera kukwana madigiri 360, ndipo 60, 90 ndi 120 zimalowa mu 360 popanda chotsala, pamene 108, yomwe ndi ngodya ya makona asanu, imalowa katatu n'kusiya mpata wa madigiri 36. Wojambula wa ku Netherlands, M. C. Escher, amene anakaona matailosi a nyumba ya Alhambra ku Granada m'dziko la Spain mu 1922 ndi 1936, anamanga mbali yaikulu ya luso lake pa mfundo imeneyi, pokhotetsa mbali za zidutswazo kuti zisanduke mbalame, nsomba ndi abuluzi olowana popanda mpata.

Chifukwa chimene ntchito zoterezi zimathandizira chinafotokozedwa bwino ndi aphunzitsi awiri a ku Netherlands, Pierre van Hiele ndi mkazi wake Dina van Hiele-Geldof, m'chaka cha 1957. Iwo anaona kuti mwana amayamba ndi kuzindikira chinthu potengera mmene chikuonekera chonse, pambuyo pake amayamba kuona mbali zake ndi ngodya zake, ndipo pamapeto pake amatha kulumikiza mfundozo ndi kupereka zifukwa. N'chifukwa chake mwana wamng'ono amavomera kuti sikweya ndi sikweya ikakhala chilili, koma mukaipendeketsa kuti iime pa ngodya imodzi amakana. Mwana amene wangoona sikweya m'buku angakhalitse pa gawo loyambalo, koma amene wauzidwa kuti aidule, aipinde kapena aiumbe ndi waya amakakamizika kusamala kuti mbali zinayi zifanane ndi kuti ngodya ziwongoke, apo ayi chinthucho chipotoka. Anyamata opanga galimoto zamawaya amadziwa kale zimenezi, pakuti mateyala akasiyana kukula galimoto imakokera mbali imodzi. A van Hiele anatsindikanso kuti mwana sakwera kuchoka pa gawo lina kupita pa lina chifukwa cha msinkhu wokha, koma chifukwa cha maphunziro ndi mawu amene akugwiritsidwa ntchito. Jerome Bruner wa ku America anafotokoza zofanana ndi zimenezi m'zaka za m'ma 1960, ponena kuti chidziwitso chimagwiridwa m'njira zitatu, pochita ndi manja, poona chithunzi, ndi polemba zizindikiro, ndipo kaphunzitsidwe ka masamu ka ku Singapore kanatengera dongosolo lomweli.

Pamenepa ndi pamene maphunziro ambiri ophatikiza luso ndi masamu amagwera. Ana amaluka, amasangalala, zoluka zawo zimapachikidwa pakhoma, belu limalira, ndipo palibe amene wanena kapena kulemba nambala iliyonse. Manja agwira ntchito, koma mfundoyo yatsalira m'zala, siinafike pakamwa kapena m'kope. Oluka malichero ambiri amatsatira malamulo a masamu mosaphonya, koma zimenezo pazokha sizimawachititsa kukhoza funso la kugawa lolembedwa pa pepala, ndipo mwana naye sangalikhoze ngati wina sanamuthandize kuona kuti mzere wa 19 wa mkeka wake ndi 19 ÷ 4 ndi nkhani imodzi. Umboni umene ulipo ukugwirizana ndi chenjezo limeneli. Lipoti la mu 2013 la OECD, bungwe la mayiko lounika za chuma ndi chitukuko, limene linaunika kafukufuku wambiri wa maphunziro a zaluso, linapeza kuti umboni woti kuphunzira zaluso pakokha kumakweza malikisi a maphunziro ena monga masamu ndi wochepa. Koma m'chaka chomwecho David Uttal ndi anzake, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 217, anapeza kuti luso loona ndi kutembenuza zinthu m'maganizo limakula munthu akaliphunzira, ndipo limakhalitsa. Kuwerenga ziwirizi pamodzi kukusonyeza kuti phindu lilipo, koma silibwera lokha, limafuna kuti ntchitoyo isankhidwe chifukwa cha mfundo inayake ya masamu, ndiponso kuti nthawi ina isungidwe yokambirana ndi kulemba.

M'sukulu za pulayimale za ku Malawi, mmene kalasi imodzi nthawi zina imakhala ndi ana oposa 100 ndipo utoto ndi mapepala n'zosowa, ena angaone ngati zimenezi n'za sukulu za anthu olemera. Maganizo amenewo ndi olakwika, chifukwa ntchito zimene zili ndi masamu ozama kwambiri mwa zonse zatchulidwazi ndi zimene sizifuna ndalama. Sona imafuna bwalo losesa ndi chala, ndipo kuchuluka kwa ana kumasanduka mwayi, pakuti magulu 20 angayese miyeso 20 yosiyana m'phunziro limodzi, zomwe mwana mmodzi sangathe. Aphunzitsi athu amaphunzitsidwa kale za TALULAR, yomwe ndi njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndipo popeza Expressive Arts ili kale pa ndondomeko ya maphunziro, m'makalasi ang'onoang'ono mmene mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa maphunziro angapo n'zotheka kuluka m'phunziro la zaluso ndi kukambirana manambala ake m'phunziro la masamu la tsiku lotsatira. Kugawa motero kulinso ndi ubwino wina, woti luso silisanduka kapolo wa masamu. Mwana ayenera kukhala ndi nthawi yojambula chimene akufuna popanda wina kumufunsa kuti chili ndi ngodya zingati, ndipo mphunzitsi amene akugwiritsa ntchito sona ayenera kuuza ana kuti ndi za Achokwe ndi abale awo, kuti zinkayenda ndi nthano ndi miyambi, ndi kuti anazitulukira ndi anthu amene ankaganiza mozama popanda kope kapena choko. Kuitana agogo odziwa kuluka kuti adzaonetse ana mmene amayambira lichero kungachite zambiri pa mbali imeneyi, bola mphunzitsi akhale atakonzeratu mafunso amene adzafunse ana agogowo akamaliza.

Chotsala ndi kudziwa ngati mwana waphunziradi, ndipo kukongola kwa chimene wapanga si muyeso wodalirika, chifukwa mwana wa dzanja labwino angajambule lusona losalala potsanzira mnzake osamvetsa kanthu, pamene wina wa mizere yokhotakhota angakhale atagwira lamulo lonse. Muyeso wabwino ndi kumufunsa kuti aneneretu zimene zichitike pa chinthu chimene sanachipangepo, ndi kupereka chifukwa. Mphunzitsi alembe pabolodi kuti mindandanda 8 ya timadontho 12, n'kufunsa kuti pafunika mizere ingati. Mwana amene wayankha kuti 4, n'kufotokoza kuti 4 ndi nambala yaikulu kwambiri yogawa 8 ndi 12, wafika pa zizindikiro ndipo angapatsidwe funso lotembenuza, loti apeze miyeso itatu yosiyana ya timadontho toposa 30 imene ingajambulidwe ndi mzere umodzi. Amene wayankha kuti 2 chifukwa nambala zonse ndi zogawika ndi 2 ali pafupi, ndipo chomuthandiza ndi kumutumiza kukajambula 4 ndi 4 kuti aone yekha pamene maganizo ake akuperewera. Amene wangothamangira panja kukadinda timadontho 96 pa mchenga akadali pa gawo la manja, ndipo ayenera kuloledwa kumaliza chojambulacho, kenako abwerere pabolodi kukawonjezera zimene wapeza pa mndandanda wa anzake, ndipo afunsidwe za 10 ndi 15 asanatulukenso panja.